Albendazole wa 10% wogulidwa ku Limbe: amapha njoka zili m'mimba mwa ng'ombe, koma satseka njira imene zimalowera

Mukalowa m'sitolo ya zipangizo zaulimi ku Limbe n'kunena kuti ng'ombe yanu ikuonda chonsecho ikudya bwino, kawirikawiri wogulitsa amakutsitsirani botolo la albendazole wa 10%, mankhwala amadzi oyera omwetsa pakamwa. Mayina a pabotolo ndi osiyanasiyana chifukwa makampani opanga ndi ambiri, koma chofunika ndi timawu tili pansi pa dzinalo, tosonyeza kuti mu mililita imodzi muli mamiligalamu 100 a albendazole. Ndakhala ndikumwetsa mankhwalawa ng'ombe zanga za mkaka kuno ku Chileka kwa zaka zingapo, ndipo ndaona kuti ndi abwino poyerekeza ndi mtengo wake, kungoti amagulitsidwa m'njira yochititsa mlimi kuyembekezera zimene mankhwalawo sangachite.

Ntchito yake yeniyeni amaigwira ndithu. Amapha njoka zotchedwa Haemonchus, zomwe zimakhala m'chifu chachinayi cha ng'ombe n'kumayamwa magazi, amapha Cooperia ndi Oesophagostomum za m'matumbo, amaphanso njoka yaitali yaphanthiphanthi yotchedwa Moniezia. Phindu lake limaonekera kwambiri pa matole, pakuti ng'ombe zikuluzikulu zimakhala zitalimba kale ku njokazi. Thole langa lina linafika pooneka ubweya wonyankhalala, kumbuyo kuli ndowe zamadzi zomatirira kumchira, pansi pa chibwano potupa ngati pali kathumba ka madzi, ndipo nditatsitsa chikope cha m'munsi ndinapeza mkati muli mbee m'malo mofiira. Nditalimwetsa, kutupako kunaphwa pang'onopang'ono ndipo linayambiranso kulimbirana madeya ndi anzake.

Vuto ndi lakuti albendazole sakhalitsa m'thupi. Amapha njoka zomwe wazipeza masiku amenewo, basi, ndipo ng'ombe ikadya msipu woipitsidwa sabata yotsatira, matenda amayambiranso. Mazira a njoka amatuluka ndi ndowe, ndipo m'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala kufikira Epulo, kutentha ndi chinyezi zimathandiza kuti aswe msanga, mwakuti pakatha sabata imodzi kapena ziwiri tiana ta njokazo timakhala titachoka m'ndowe n'kukwera udzu wonyowa, makamaka chakumunsi kwa tsinde. Ng'ombe ikatimeza, pamangopita masabata pafupifupi atatu kuti njokazo zikule n'kuyamba kuikira mazira awo. Alimi ambiri a mkaka timadzitonthoza kuti ng'ombe zathu sizituluka m'khola, choncho sizingatenge njoka, koma udzu umene timamweta m'mbali mwa msewu kapena kudambo ndi womwewo umene ng'ombe za eni zinadyapo n'kusiyapo ndowe. Nayenso amene amathira ndowe zaziwisi m'munda wa nsenjere, osayamba waziunjika kuti ziwole ndi kutentha, amadzibweretsera yekha njokazo m'chodyera.

Pamene ndili ndi dandaulo ndi pa kagulitsidwe. Mlingo wodziwika wa njoka za m'mimba ndi mamiligalamu 7.5 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa ng'ombe, kutanthauza kuti ng'ombe ya makilogalamu 300 imafunika mamililita 22.5. M'sitolo ina, imene sindiitchula dzina, mnyamata wogulitsa sanandifunse n'komwe kukula kwa ng'ombe, anangoti, “Bambo, yaikulu muipatse zivindikiro ziwiri, yaing'ono chimodzi.” Chivindikiro si muyeso, ndipo ng'ombe yachikuda siilemera chimodzimodzi ndi ya mtundu wa Friesian. Kumwetsa mlingo wopelewera n'koipa kwambiri chifukwa njoka zolimba zimapulumuka n'kuswana, ndipo pakapita nthawi mankhwalawo amasiya kugwira ntchito pakholapo. Kuli bwino kupempha alangizi a ziweto ayeze chifuwa cha ng'ombe ndi tepi yoyerekezera kulemera, kenako n'kumwetsa ndi sirinji yopanda singano, mutakhutchumula botolo mokwanira popeza mankhwalawa amadikha pansi. M'sitolo momwemo ndinaona mankhwalawa atagawidwa m'timabotolo topanda chizindikiro, kuti akwanitse wa ndalama zochepa. Cholinga chake ndi chomveka, koma kabotolo kotero sikanena tsiku lothera mphamvu, sikanena mlingo, ndipo simungadziwe ngati mankhwalawo ndi ovomerezeka ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA. Ine sindigula otere, ndipo ndimakonda kusonkherana ndi anzanga a kugulu la mkaka kuti tigule chigubu chosatsegula.

Mabotolo ambiri amalembanso kuti albendazole amapha nyongolotsi za m'chiwindi. Izi ndi zoona pang'ono chabe. Pamafunika mlingo wokwererapo wa mamiligalamu 10 pa kilogalamu, omwe ndi mamililita 30 pa ng'ombe ya makilogalamu 300 ija, ndipo ngakhale apo amangopha zikuluzikulu, zazing'ono zimatsala. Nyongolotsi zimenezi, Fasciola gigantica, zimadzera mu nkhono za m'madzi odikha, kotero chiopsezo chimakula m'chilimwe pamene udzu wobiriwira watsala kudambo kokha ndipo tonse timathamangira komweko ndi zikwakwa. Amene ng'ombe zake zimadalira udzu wa kudambo afunse za mankhwala ena otchedwa triclabendazole, amene amapha ndi zazing'ono zomwe.

Ena amakonda jakisoni wa ivermectin, amene amabayidwa pansi pa khungu mililita imodzi pa makilogalamu 50 aliwonse, ndipo amakhalitsa m'thupi kuposa albendazole. Kukhalitsa komweko ndi kumene kumamulepheretsa pa ng'ombe yokamidwa, popeza amatulukira mumkaka kwa nthawi yaitali, komanso payekha sapha Moniezia kapena nyongolotsi za m'chiwindi. N'chifukwa chake pa ng'ombe ya mkaka ndimasankhabe albendazole, ngakhale nayenso ali ndi masiku olembedwa pabotolo oti mkaka usamwedwe kapena kuperekedwa kumalo osonkhanitsira mkaka, ndiponso oti ng'ombe isaphedwe. Chinanso chimene ogulitsa sakumbukira kunena n'chakuti mankhwalawa saperekedwa kwa ng'ombe yomwe yangotenga bere, makamaka m'masiku 45 oyamba, chifukwa angathe kupundula mwana m'mimba.

Pa nthawi yomwetsa, matole ndimawamwetsa mvula ikakhazikika ndiponso ikamatha, pamene zikuluzikulu ndimazimwetsa pokhapokha zikaonetsa zizindikiro, kuti mankhwala asazolowereke msanga. Ngati ng'ombe ikupitiriza kuonda mutaimwetsa mlingo woyenera, musawonjezere botolo lina. Tengani ndowe zatsopano pakati pa tsiku la 10 ndi la 14 chimwetsereni, mupereke kwa a vetenale akawerenge mazira ndi makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Mazira a njoka za m'mimba akapezeka ambiri ndiye kuti mwina njoka za pakhola panu zaleka kumva albendazole, ndipo m'pofunika kusinthira ku mankhwala a gulu lina monga levamisole.