Hotela ya ku Durban inatidyera maola atatu, tebulo la amayi linangotsala pang'ono kutipita

Hotela ndaipatsa nyenyezi ziwiri. Sitima yapamadzi ndinkafuna kuipatsa zitatu, koma mtima utatsika ndaika zinayi. Ndalemba zonse pamodzi chifukwa vuto la kuhotela ndi limene linabala la m'sitima.

Tinali atatu: ine, amuna anga ndi amayi anga, amene anabwera pa basi kuchokera ku Mangochi kudzationa kuno ku Joni. Ulendo wake unali wokasangalala pa sitima yapamadzi, wonyamuka ku Durban Lolemba, kukaima ku Portuguese Island ku Mozambique, n'kubwerako Lachisanu m'mawa. Amayi ankakwanitsa zaka 65 Lachiwiri lake, ndipo kunena zoona ulendo wonsewo ndinaukonza chifukwa cha chakudya chamadzulo cha tsiku limenelo. Kutatsala milungu isanu ndinalowa pa webusaiti ya kampani ya sitimayo n'kulipiratu chakudya cha anthu atatu kulesitilanti yapadera yowotcha nyama ya m'sitimamo. Amene munakwerapo mukudziwa kuti ku buffet, kumene umadzitengera wekha chakudya, ndi kuchipinda chachikulu chodyera sulipira kanthu, zonse zili m'tikiti, koma malo apaderawa ngolipira paokha. Ukalipiratu usanakwere mtengo umatsikako, pomwe m'katimo chilichonse amawerengera m'madola. Ndi mmene randi ikuyendera, ndinadziona kuti ndachenjera.

Kukagona ku Durban Lamlungu sindikudandaula nako, ndipo ndidzachitanso. Msewu wa N3, wochokera ku Joni kupita ku Durban, ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo amene amadutsa m'mapiri a pa Van Reenen amadziwa kuti nkhungu kapena thiraki imodzi yogwa imatha kuimitsa anthu theka la tsiku. Sitima sidikira munthu. Ndiye ndinabukitsa zipinda ziwiri pahotela ina ya m'mbali mwa nyanja, pa R3,200, chifukwa cha malonjezo awo atatu: chakudya cham'mawa, kusunga galimoto masiku onse tili panyanja, ndi minibasi yotiperekeza kudoko. Zipinda zinali zaukhondo, madzi otentha analipo, makina oziziritsa m'chipinda ankalira ngati chigayo cha dizilo koma tinagona. Madzulo tinayenda pang'ono m'mphepete mwa nyanja, amayi analawa bunny chow, buledi woikamo ndiwo za kale m'kati, n'kunena kuti tsabola wake ngwaukali kuposa kambuzi. Mpaka pamenepo zonse zinali bwino.

Nthawi yathu yokwera inali 10:30 m'mawa. Pofika 9 koloko tinali titatsika kale, zikwama zisanu zitamatidwa mapepala ake, mapasipoti ali m'manja. Ndinapita pakauntala kuti andipatse chiphaso cha galimoto. Mtsikana amene anali pamenepo anagogoda kompyuta kawiri ndi zikhadabo zake zazitalizo, osandiyang'ana n'komwe, n'kunena kuti za galimoto sizikuoneka. Ndinamuonetsa imelo pafoni. Akuti zimenezo munapangana ndi a pa intaneti, osati ife. Ndinati chemwali, ndinabukitsa pa webusaiti yanu yomwe, chizindikiro cha hotela yanu ndi ichi pamwambapa. Anangotukula mapewa. Akuti ngati mukufuna kusiya galimoto mulipirenso masiku anayi, apo ayi dikirani manijala, ndipo mukaisiya popanda chiphaso ife sitidziwa zomwe zingaichitikire.

Manijala ali kuti? Ali pamsonkhano, abwera pakatha mphindi zisanu.

Mphindi zisanu zimenezo ndinaziwerenga mpaka ndinasiya. Minibasi ya 9:30 inadzaza ndi anzathu amene analibe nkhani ya galimoto, n'kunyamuka tikuiona. Itakwana 10 koloko ndinabwereranso. Mphindi zisanu. Pa 10:30, nthawi yeniyeni imene tinayenera kukhala tikukwera, ndinamupeza akuseka ndi mnzake pa vidiyo ina ya pafoni, ndipo atandiona anatembenuza foniyo n'kundifunsa kuti ndingakuthandizeni chiyani, ngati akundiona koyamba. Apa ndiye magazi anandithamanga. Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti ukaima pakhonde la hotelayo n'kuyang'ana chakum'mwera, chakumene kuli uShaka Marine World, nsonga ya sitimayo inkaoneka ili ndii kuseri kwa nyumba. Doko lake la ku Point n'lapafupi, ulendo wa mphindi khumi pagalimoto.

Amuna anga anati tingopita nayo galimotoyo, tikalipire malo oimika kudoko konko. Ndinakana. Mwina apa ndi pamene ndinalakwitsa, koma ndalama ndinali nditapereka kale, ndipo kulipira kawiri chifukwa cha ulesi wa munthu wina mtima wanga sunalole. Amayi anali atakhala pasofa, chikwama chawo chili pamiyendo, ali phee. Kenaka anandikodola n'kunena chapansipansi kuti, "Mwana wanga, Ilala ikaliza lipenga pa Monkey Bay siifunsa kuti manijala wabwera kapena ayi." Amuna anga anaseka. Ine sindinaseke.

Manijala anatulukira 11:45. Anakhala pakompyuta yomweyo, ndipo pasanathe mphindi ziwiri anaipeza nkhani ya galimotoyo. Inalembedwa pachipinda chachiwiri, cha amayi, ndipo mtsikana uja anali atangotsegula changa chokha. Maola pafupifupi atatu chifukwa munthu sanafune kudina kachiwiri! Ndinayembekeza pepani. Manijala anangoti zimachitika, n'kundipatsa chiphaso. Mtsikanayo anali akuyang'ana zikhadabo zake. Nanga minibasi? Yapita kukatenga alendo ena kubwalo la ndege la King Shaka, makilomita oposa 30 kumpoto, ibwera pakatha mphindi zisanu. Nditamvanso mawu amenewo ndinangoitana Uber, tinapanikizana ndi zikwama mpaka pamiyendo, n'kulipira tokha ulendo umene tinali titalipira kale.

Kudoko tinapeza mzere utakhota kangapo, chifukwa masana ndi pamene aliyense amafika. Tinaponda m'sitima itadutsa 2 koloko. Ndinasiya amayi ndi amuna anga ku buffet n'kuthamangira kulesitilanti ija ndi lisiti langa, kuti ndingotsimikizira za mawa.

Bambo amene anali pakhomo ndi buku la matebulo anaona lisitilo n'kundifunsa mwaulemu kuti ndikufuna tsiku liti. Ndinati Lachiwiri, paja ndinalipira kale. Anandifotokozera kuti zimene ndinalipirazo ndi chakudya chokha, koma tsiku ndi nthawi munthu amasankha akakwera, ndipo woyamba kufika ndi amene amatenga. Lachiwiri linali tsiku loyenda panyanja tsiku lonse, aliyense amafuna limenelo, ndiye kuyambira 6 koloko mpaka kutseka linali litadzaza. Anandionetsa bukulo ndi maso anga, mayina ali mbwee, ndipo anati ambiri mwa iwo analembetsa isanakwane 12 koloko. Tikanakwera nthawi yathu ija tikanasankha tebulo lililonse limene tikanafuna. Zotsala zinali usiku womwewo wa Lolemba kapena Lachinayi.

Ndinayamba kukweza mawu kuti palibe anandiuza. Bamboyo sanakangane nane. Anapempha foni yanga, n'kutsitsa imelo ija mpaka pansi penipeni, ndipo zinalembedwadi, m'tizilembo tating'ono tija timene palibe amawerenga. Safunsa anadya phula. Komabe a kampani, chinthu chachikulu ngati chimenechi mumachibisa bwanji pansi pa imelo? Munthu akulipira ndalama zakezake, muuzeni pamwamba kuti tebulo sanalipeze. Chifukwa cha chimenechi nyenyezi yachisanu sindikupatsani. Ndinalembetsa Lachinayi monyinyirika, ndipo bamboyo analemba nambala ya chipinda chathu m'mphepete mwa tsamba la Lachiwiri n'kunena kuti wina akasintha maganizo adzandiimbira. Ndinaona ngati akungondichotsa pakhomo. Belu la maphunziro a chitetezo aja, amene aliyense amayenera kuchita sitima isananyamuke, linalira ndikadali pomwepo, ndipo ndinapita kumalo athu osonkhanira misozi ili m'maso.

Usiku umenewo sindinawauze amayi. Ndinauza amuna anga okha, amene anati, "Amayi anu abwera kudzaona nyanja yamchere, za tebulozo mukuzidziwa ndinu nokha." Zoona zake zinali zomwezo, koma panthawiyo ndinangowatembenukira msana.

Chimene chinatipulumutsa ndi mafunde. Titatuluka m'doko la Durban nyanja inayamba kuvuta, ndipo pofika Lachiwiri m'mawa anthu ambiri anali atagona m'zipinda ndi chizungulire. Ngakhale amuna anga anadya mabisiketi okha ndi tiyi. Amayi, amene anakulira pa mwera, ankangoyenda m'sitimamo ngati ali pakhonde pawo, n'kumadabwa kuti anthu akudwala chiyani. Cha m'ma 3 koloko masana foni ya m'chipinda inalira. Anali bambo uja. Banja lina lalephera, tebulo la 8:30 lilipo, pafupi ndi zenera, mukulifunabe? Anakumbukiranso kuti ndi tsiku lobadwa la amayi, ngakhale ndinangotchula kamodzi, ndili mkati mokalipa. Manyazi anandigwira.

Chakudyacho chinali chabwino, ndisaname. Nyama yake inali yofewa ndi yokhuthala, yosiyana kutali ndi imene tinadya kuchipinda chachikulu masiku enawo, ndipo malowo ngabata, osati phokoso la ku buffet kumene munthu umayenda ndi mbale kusaka mpando. Woperekera zakudya anatifunsa mmene tikufuna nyamayo ipsere. Ine ndinayankhira amayi kuti pakatikati, poganiza kuti ndikuwaphunzitsa zachizungu. Itabwera anaidula kamodzi, n'kuona kufiira m'kati, n'kuika mpeni pansi. Anatembenukira mkamwini wawo n'kunena kuti, "Bambo, auzeni anyamatawa kuti ng'ombeyi sinafe." Mnyamata woperekerayo sanamve Chichewa koma nkhope ya amayi anaimva. Anatenga mbaleyo osakwinya nkhope, ndipo m'malo mobwezera chidutswa chomwecho pamoto anabweretsa china chatsopano, chopsa bwino mpaka m'kati koma chosauma. Amayi anamaliza chonse. Pamapeto anabwera ndi kakeke kakang'ono kali ndi kandulo imodzi, ogwira ntchito anayi n'kuwaimbira, amayi akubisa nkhope m'manja ngati mtsikana. Sanatilipiritse kakekeko.

Dziwani kuti zakumwa sizili m'ndalama zolipiratuzo. Botolo la madzi, vinyo wa amuna anga ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi zinapita pakadi ya chipinda, m'madola, ndi kandalama kena kowonjezera pamwamba. Zakudya zina za pamndandanda, makamaka zam'nyanja zodulazo, amafunanso uwonjezere. Pa ulendo waufupi ngati uwu kudya kumeneko kamodzi n'kokwanira. Amene amagula phukusi la malo awiri kapena atatu sindikudziwa kuti mimba amaipeza kuti, pomwe chakudya chaulere chili paliponse usana ndi usiku. Nditawafunsa amayi kuti zakoma bwanji, anati nyama njabwino kwambiri, koma popanda nsima munthu umadzuka patebulo ngati sunadye.

Lachitatu tinatsikira pachilumba pa timaboti tampira tija, mchenga woyera, dzuwa loswa mtengo, amayi analawa madziwo ndi chala n'kulavula. Zina zonse za m'sitima zinali monga mwa masiku onse: chipinda chaching'ono koma chosamalidwa, mizere pa ma lift, nyimbo mpaka usiku.

Lachisanu tinabwerera kuhotela pa Uber, minibasi sindinayese n'komwe kuifunsa. Galimoto tinaipeza ili bwinobwino. Mdala wolondera pamalo oimikapo anali ataisunthira pamthunzi ndi makiyi amene tinasiya, ndipo anatithandiza kulonga zikwama akuwatchula amayi kuti gogo. Nyenyezi yachiwiriyo ndi yake mdala ameneyu, pamodzi ndi amayi oyeretsa m'zipinda. Pakauntala ndinapeza mtsikana yemwe uja. Anagogoda kompyuta kawiri n'kundiuza kuti ndili ndi ngongole ya masiku anayi oimika galimoto. Sindinayankhe. Ndinangoika chiphaso chosainidwa ndi manijala pakauntalapo n'kumuuza kuti atsegule chipinda chachiwiri.

R500 ya chikole imene anagwira pakadi yanga tsiku lofika anati ibwerera pakatha masiku asanu ogwira ntchito. Lero ndi sabata yachitatu. Ndaimbako kawiri, ndipo ulendo wachiwiriwo amene anayankha anati manijala ali pamsonkhano.