Godox TT350: flashi yaing'ono yoyenerana ndi kamera ya mirrorless, koma osati m'holo iliyonse

Ojambula ambiri muno mu Lusaka amene anasiya makamera akuluakulu n'kugula a mirrorless (aang'ono, opanda galasi m'kati) anatero chifukwa chofuna kupepukidwa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona munthu ataika flashi yolemera pamwamba pa Sony a6000, kamera n'kumagwera kutsogolo nthawi zonse akaikoleka m'khosi. Flashi ya Godox TT350 inapangidwira vuto limeneli. Imalemera magalamu pafupifupi 200 isanaikidwe mabatire, imagwiritsa ntchito mabatire awiri okha a AA, ndipo ikakhala pa kamera dzanja silitopa ngakhale mwambo utatalika.

Musanapereke ndalama, yang'anani chilembo chimene chili kumapeto kwa dzina lake. Chilembo S ndi cha Sony, F ndi cha Fujifilm, O ndi cha Olympus ndi Panasonic, C ndi cha Canon, pamene N ndi cha Nikon. Maflashi onsewa amaoneka ofanana, koma timapini tapansi timene timalumikizana ndi kamera n'tosiyana, choncho mukatenga yachilembo cholakwika kamera siingathe kuiuza mphamvu yoyenera kutulutsa. Ndi bwino kupita ndi kamera yanu kusitolo, kuikapo flashiyo ndi kujambula pomwepo, makamaka ngati mukugula yogwiritsidwapo kale ntchito.

Nkhani yaikulu ndi mphamvu. Kampani imalemba kuti guide number yake, nambala yosonyeza mphamvu ya kuwala kwa flashi, ndi 36, koma nambala imeneyi imayezedwa pa ISO 100 (ISO ndi muyezo wa mmene kamera imamvera kuwala) mutu wa flashi uli pa 105mm, pamene kuwala kwapanikizidwa kuti kupite kutali. Mukagawa 36 ndi 4, kutanthauza f/4 (nambala ya kutseguka kwa lenzi), mupeza mamita 9, ndipo kumeneko ndiye kumapeto kwake ngati flashi yalunjika munthuyo. Mukamajambula gulu ndi lenzi yotambasuka, mtunda umenewu umachepa kwambiri, ngakhale kuti mukakweza ISO kufika pa 400 umawirikiza kawiri. Poyerekeza, flashi yaikulu ya TT685 ya kampani yomweyo ili ndi guide number ya 60, ndipo kaflashi kam'kati mwa a6000 kali ndi 6 yokha.

Manambala amenewa amamveka bwino munthu akalowa m'nyumba. M'chipinda chochezera cha ku Chilenje kapena ku Kabwata, mmene siling'i ili pafupi ndiponso yopakidwa penti yoyera, TT350 imagwira ntchito yosangalatsa zedi. Mumatembenuzira mutu wake m'mwamba, kuwala n'kugunda siling'i n'kutsika mofewa, ndipo pa chilanga mulilo nkhope za azimayi zimatuluka zosalala, mitundu ya zitenje ili yeniyeni, nthunzi yochokera m'mapoto nayonso ikuoneka. Mukailunjikitsa kumaso, khungu lakuda lomwe lachita thukuta limanyezimira pachipumi ndi pamphuno ngati lapakidwa mafuta ophikira, ndipo kumbuyo kwa munthu kumachita mdima. Mutuwo umadzuka mpaka madigiri 90 ndi kuzungulira madigiri 270, zimene zimakwanira kugwiritsa ntchito khoma lam'mbali siling'i ikakhala ya mtundu wina. Siling'i yobiriwira imabweza kuwala kobiriwira, ndipo palibe mkwatibwi amene angakondwere nazo.

Zinthu zimasintha m'matchalitchi aakulu ndi m'maholo a malata opanda siling'i, mmene maukwati ambiri a kuno amachitikira. Kuwala kukapita kudenga sikubwerera kokwanira, ndiye flashi imakakamizika kutulutsa mphamvu zake zonse pa chithunzi chilichonse. Ikatero imatenga masekondi oposa awiri kuti ikonzeke kuwalanso, nthawi imene ndi yaitali kwambiri pamene akwati akulowa movina ndipo aphelekezi akusintha sitepe. Komanso mukaiwalitsa motsatizana pamphamvu yonse imatentha, ndipo imayamba kudziteteza mwa kuchedwetsa kuwala mpaka itazizira. Kwa amene ntchito yawo ya Loweruka lililonse ndi maukwati a m'maholo, ine sindingawalangize kudalira flashi imeneyi yokha.

TTL yake, yomwe imayeza yokha kuwala kofunika, ndi yodalirika, kupatula pamene diresi yoyera yadzaza chithunzi. Kamera imaganiza kuti kwawala kale n'kuchepetsa mphamvu, nkhope ya mkwatibwi n'kuda, choncho muyenera kuwonjezera pang'ono mphamvu ya flashi pa flash compensation. Ilinso ndi HSS, yolola flashi kugwira ntchito pa liwiro lalikulu la shata lofika pa 1/8000 ya sekondi, imene imathandiza kuchotsa mithunzi pansi pa maso pojambula panja padzuwa la mu Okutobala, bola munthuyo akhale pafupi, chifukwa HSS imadya mphamvu yambiri.

Chimene chimandichititsa kuikonda kwambiri ndi wailesi ya 2.4 GHz imene ili m'kati mwake. Tsiku limene mudzagula flashi yaikulu, yaing'onoyi siidzatayidwa: ingakhale pa kamera n'kumalamula yaikuluyo ili pa sitandi, kapena ingaikidwe kumbuyo kwa akwati kuti iwalitse velo. Mabatani ake ndi aang'ono ndipo munthu wa zala zazikulu amavutika nawo mumdima, koma amazolowereka.

Palinso V350, mchimwene wake, amene ali ndi mphamvu yofanana koma amagwiritsa ntchito batire ya lithium. Kampani imati imeneyi imawala maulendo oposa 500 pamphamvu yonse, pamene TT350 imafika pafupifupi 210 ndi mabatire abwino ochajidwa, ndipo imakonzekanso msanga. Papepala V350 yapambana, komabe amene anaona mmene magetsi ankazimira mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, amadziwa kuti batire yapadera ikatha ndipo chaja ilibe poilumikiza, ntchito yaima. Mabatire a AA amapezeka pa kantemba kalikonse, ngakhale ku Kanyama usiku. Otchipa kwambiri aja amatha msanga ndipo amachedwetsa flashi, choncho ndi bwino kukhala ndi mapeya angapo ochajidwa a NiMH monga Eneloop, a pa kantemba n'kukhala ongopulumutsira. Mukamaliza ntchito muziwachotsa, chifukwa a alkaline akakhalitsa m'kati amatulutsa madzi amene amawononga tizitsulo tolumikizira.