Miyezi 10 ndikusunga mapasiwedi anga mu Bitwarden

Nditangoyamba kugwiritsa ntchito Bitwarden, pulogalamu yosungira mapasiwedi, ndinaiyamikira pa zinthu zitatu: ndi yaulere, imakupangira mapasiwedi aatali, ndipo imakusungira kuti usamavutike kuwaloweza. Tsopano padutsa miyezi 10 ndikuitsegula tsiku ndi tsiku pa foni ndi pa kompyuta. Zitatu zija zikadali choncho, koma phindu lalikulu ndalipeza pamalo amene sindinkawaganizira n'komwe.

Kale ndinali ndi pasiwedi imodzi yokha, yomwe ndinkangoisintha manambala akumapeto. Imelo, Facebook, akaunti ya kuntchito, zonse chimodzimodzi. Chimene chinanditsegula m'maso ndi tsamba la Have I Been Pwned, lomwe katswiri wa chitetezo cha pa intaneti Troy Hunt anakhazikitsa mu 2013. Umalembapo adilesi ya imelo yako, ndipo limakuuza ngati ili pa mindandanda imene akuba anaba m'makampani n'kuimwaza pa intaneti. Yanga inapezeka kawiri. Akubawa akapeza imelo ndi pasiwedi pamalo amodzi, amaika makina kuti aziyese pa masamba ena ambirimbiri, ndiye munthu wa pasiwedi imodzi amakhala ngati wakhoma zitseko zonse ndi loko wa kiyi mmodzi.

Masabata awiri oyamba anali otopetsa, ndisaname. Maakaunti oposa 40 ndinawasintha imodziimodzi. Amene mukuyamba kumene, yambani ndi imelo, chifukwa ndi kumene amatumiza linki mukaiwala pasiwedi ya kwina kulikonse. Wakuba akalowa mu imelo, zina zonse amangozitola.

Mwezi wachinayi ndi umene unandisintha maganizo. Usiku wina ndili wotopa ndinalandira uthenga wonena kuti akaunti yanga itsekedwa pasanathe maola 24 ndikapanda kutsimikizira kuti ndine mwini wake. Ndinadina linki. Tsamba linatseguka lili ndendende ngati lenileni, chizindikiro chake, mitundu yake, ngakhale timalemba ta pansi. Ndinadina mu kabokosi ka pasiwedi n'kudikira kuti Bitwarden ilembemo monga imachitira nthawi zonse. Inangokhala chete. Ndinakwiya, ndinatsegula pulogalamuyo kuti ndikopere pasiwediyo ndekha, ndipo chala chili m'malere ndinaponya diso pa adilesi pamwamba. Pamene panayenera kukhala chilembo m panali zilembo ziwiri, r ndi n, zogundana mpaka kuoneka ngati chimodzi. Thupi lonse linachita tsemwe.

Pulogalamuyi siona mitundu kapena chizindikiro. Imayerekezera adilesi ya tsamba ndi imene munasunga, ndipo zikasiyana siilemba kanthu. Maso anga ananamizidwa, iyo ayi. Kuyambira tsiku limenelo, ikakhala chete sindiumiriza. Ndimatseka tsambalo n'kulemba ndekha adilesi imene ndikuidziwa.

Chinthu chimene chimafuna kusamala kwambiri ndi pasiwedi yaikulu, yotsegulira zina zonse. Bitwarden imabisa zonse ndi njira yosokoneza zolembedwa kuti zisawerengeke, yotchedwa AES-256, zisanachoke pa foni kapena kompyuta yanu, moti eni kampaniyo sangathe kuziwerenga, komanso sangakuuzeni pasiwedi yaikuluyo mukaiiwala. Kutalika kwake n'kofunika. Mu 2022 akuba anakopera nkhokwe zobisidwa za makasitomala a LastPass, pulogalamu ina ya mtundu womwewu, ndipo amene anali pangozi kwambiri anali a mapasiwedi aakulu aafupi kapena osavuta kulota. Yanga ndinaipanga ndi mawu asanu osagwirizana m'tanthauzo. Imalowezeka msanga kuposa tizizindikiro tosakanizika, ndipo ndi yaitali. Ndinailembanso pa pepala n'kulibisa m'nyumba. Ena amati kulemba pasiwedi pa pepala n'kulakwa, koma wakuba wa pa intaneti sangafike mu sutikesi yanu.

Ndinatsegulanso chitetezo cha magawo awiri pa maakaunti ofunika. Ukalemba pasiwedi, amakufunsanso manambala 6 amene pulogalamu ina ya pa foni imatulutsa, ndipo amasintha masekondi 30 aliwonse. Manambala obwera pa SMS nawo amathandiza kusiyana n'kukhala opanda kanthu, kungoti munthu akakwanitsa kusamutsira nambala yanu pa simukhadi yake amayamba kuwalandira iyeyo.

Apa mpamene ndinapunthwa, ndipo kulakwa kunali kwanga. Mwezi wachisanu ndi chiwiri foni yanga inagwera m'madzi n'kuferatu, pamodzi ndi pulogalamu ya manambala ija. Potsegula chitetezochi amakupatsa manambala apadera odzalowera foni ikatayika. A imelo ndi a Bitwarden ndinali nditawalemba pa pepala lija, moti ndinalowa pa foni yatsopano m'mphindi zochepa chabe. Koma pa maakaunti awiri ndinali nditangodina kuti ndidzasunga nthawi ina. Imodzi ndinaibweza patatha masabata atatu ndikulemberana ndi eni tsambalo. Inayo inapita, ndi zithunzi zimene zinalimo. Mpaka lero zimandipweteka.

Zokwiyitsa zing'onozing'ono zilipo. Masamba ena amakana pasiwedi yaitali, ena salola kumata zimene wakopera, ndiye umalemba zilembo 20 chimodzichimodzi ukuyang'ana pa foni. Pa mapasiwedi amene ndimadziwa kuti ndizilemba ndi manja, monga ya Wi-Fi, ndimauza pulogalamuyi kuti indipangire ya mawu osati ya zizindikiro. Intaneti ikathawa, zimene ndinasunga kale ndimazionabe pa foni, ndipo zimenezi zandithandiza kangapo.

Kodi ndipitiriza? Inde, mosakayika, ndipo ndinawaikiranso mayi anga. Iwo ankaopa kuti asokonezeka, choncho tinangoyamba ndi maakaunti atatu. Tisanasunge ngakhale pasiwedi imodzi ndinawapatsa cholembera, ndipo anayamba alemba okha mawu awo asanu ndi manambala apadera aja. Sabata yatha anandiimbira foni kuti pa tsamba lina pulogalamuyi yakana kulemba, ndiye achite chiyani. Ndinawapempha kuti andiwerengere adilesi yake chilembo ndi chilembo, ndipo tisanafike pakati anaima okha n'kunena kuti, "Iyayi mwanawe, apa pali chilembo chowonjezera."