Manyowa, feteleza wa m'thumba kapena wa m'botolo: chamba cha panja chimafuna uti?

Pakati pa anthu olima chamba panja pali mkangano umene sutha, ndipo ukayamba aliyense amakakamira pake. Wina akuti manyowa basi, za m'thumbazi zimapha nthaka. Wina akuti manyowa ndi ochedwa, iye alibe nthawi yodikira ndowe kuti ziole. Ndiye pali gulu lachitatu, lija la mabotolo okongola ojambulidwa tsamba, limene limaona ngati enafe tikungosewera. Ine zitatu zonsezi ndinazigwirapo, ndiye ndinena mmene ndimazionera, wofuna kutsutsa atsutse. Koma ndineneretu kuti malamulo a mbewu imeneyi amasiyana dziko ndi dziko, kwina ndi yololedwa, kwina pamafunika laisensi, kwina ndi mlandu wokagona nawo kundende, ndiye ndikuyankhula ndi amene mapepala awo ali bwinobwino.

Tiyambe ndi manambala atatu aja a pathumba, chifukwa ambiri timangogula osawawerenga. Yoyamba ndi nayitulojeni, wa masamba ndi kukula. Yachiwiri ndi fosiforasi, wa mizu ndi maluwa. Yachitatu ndi potaziyamu, amene amathandiza mbewu kuyendetsa madzi, kulimba ndi kukhwimitsa bwino. Thumba likati 17:17:17 ndiye kuti pa makilo 100 aliwonse, 17 ndi a chilichonse mwa zitatuzo. Chamba chikamakula chimadya nayitulojeni koopsa, ndi chadyera ngati mbewu iliyonse yokula msanga, koma usiku ukayamba kutalika n'kuyamba kuchita maluwa, njala ya nayitulojeni ija imatsika ndipo potaziyamu ndi amene amakhala wofunika. Kusintha kumeneku ndiye pagona nkhani yonse. Feteleza wabwino mwezi wachiwiri akhoza kukhala woononga mwezi wachisanu.

Chinanso chimene anthu amaiwala, makamaka amene anaphunzira poona olima m'nyumba ndi magetsi, n'chakuti panja pali mvula. M'nyumba chimene wathira chimakhala pomwepo. Panja mvula yamphamvu ya usiku umodzi imatha kutsitsa nayitulojeni wambiri pansi penipeni kumene mizu sifikako, makamaka dothi likakhala lamchenga. Ndiye pofananitsa mafetelezawa ine sindifunsa kuti wamphamvu ndi uti ayi, ndimafunsa kuti ndi uti amene akhalebe m'dothi mvula ikadutsa.

Wa m'thumba ubwino wake ndi wosabisika. Umadziwa chimene ukuthira, thumba limodzi limakwana malo aakulu, ndipo mbewu ikayamba chikasu masamba a m'munsi, umathira pang'ono n'kuona kusintha pasanathe sabata. Urea ali ndi nayitulojeni 46 pa 100, palibe wouma womuposa mwa awa timawadziwawa. Koma ameneyo ndiye wovuta kumugwira, ukangomusiya pamwamba pa dothi kukutentha, gawo lina limathawa ngati mpweya, ndipo ukamuyandikitsa patsinde amawaula. Ine chaka china ndinathira chodzadza dzanja pa phando lililonse poganiza kuti ndikuzikonda mbewu zanga, patapita masiku ochepa nsonga za masamba zonse zinali zitapsa, masamba atabiriwira moderako n'kupindikira pansi ngati zikhadabo za kabawi. Zina zinachira, zina ayi. CAN ndi wofatsirapo, nayitulojeni wake ali cha m'ma 27, sathawa msanga ngati Urea ndipo sawawasitsa dothi kwambiri, ndiye pa awiriwa ine ndimatenga CAN osaganiza kawiri. DAP ndi 18:46:0, fosiforasi wochuluka zedi, wothira pang'ono pobzala basi, osati womangobwereza.

Pa potaziyamu pali kanthu kena kamene anthu saona. Alipo wa mitundu iwiri amene amapezeka kwambiri. MOP, uja wa 0:0:60, ali ndi kolorayidi wambiri, ndipo m'chidebe kapena pamalo a mvula yochepa mchere umenewu umaunjikana n'kuvutitsa mizu. SOP, wa 0:0:50, alibe vuto limenelo ndipo amabwera ndi salufa amene mbewu imamufunanso. Nambala ya MOP ndi yokulirapo inde, koma pa chamba SOP ndiye woyenera.

Vuto lalikulu la wa m'thumba si mphamvu zake, koma kuti dothi salipatsa chilichonse. Ukamangothira yekhayekha chaka ndi chaka osabwezera zoola, dothi limauma, limachita chigwagwa, nyongolotsi zimasowa, madzi sakhalitsa, ndipo sizoni yotsatira umafunika kuthira wambiri kuti upeze zomwezija.

Tsopano manyowa. Apa ndikhalitsapo chifukwa mawu oti manyowa timangowaphatikiza pamene zinthu zake ndi zosiyana kutalitali. Zitosi za nkhuku ndi zaukali, zili ndi nayitulojeni wambiri, ndipo zikakhala zaziwisi zimawaula mizu chimodzimodzi Urea, musanamizidwe kuti poti ndi zachilengedwe ndiye sizipsereza. Ndowe za ng'ombe ndi zofatsa, chakudya chake n'chochepa koma zimafewetsa dothi bwino kwambiri. Za mbuzi ndi za akalulu zili pakatikati, ndi zouma, sizinunkha kwambiri, n'zosavuta kunyamula. Zonsezi zimafuna kuola kaye miyezi ingapo, mpaka zitasiya kutentha mkati mwa mulu ndipo fungo litasanduka la dothi, chifukwa ndowe zaziwisi zimabwera ndi njere za udzu komanso tizilombo toyambitsa matenda ngati E. coli ndi Salmonella, ndiye mvula ikamamenya pansi matope amathovukira pa nthambi za m'munsi, zinthu zimene mawa munthu adzagwiritse ntchito ngati mankhwala. Taganizani.

Kompositi wopsa bwino ndi manyowa a nyongolotsi ndiwo amene ine ndimawakhulupirira kuposa zonse. Pa manambala ndi ofooka, ukawayika pambali pa Urea amaoneka ngati nthabwala, koma sawaula, amasunga chinyezi, ndipo chakudya chake chimatuluka pang'onopang'ono tizilombo ta m'dothi tikamagaya, ndiye mvula siingachikokolole chonse tsiku limodzi. Panja ubwino umenewu ndi waukulu kuposa mmene anthu amauonera. Kuipa kwake nakonso kulipo, tisabise. Ndi ntchito, amafunika wambiri, kunyamula kwake msana umamva, ndipo sudziwa ndendende kuti muli chakudya chochuluka bwanji. Kukazizira amachedwa kugwira. Komanso ukachulutsa zitosi za nkhuku pobzala, sungazichotsenso, zimangotulutsabe nayitulojeni mpaka nthawi ya maluwa, ndiye umapeza mbewu yayitali yamasamba okhaokha, maluwa ake otayana, ochedwa kukhwima, ndipo mkati mothithikanamo chuku chimalowa mosavuta kukachita chinyezi. Ndipo chenjerani ndi manyowa osakanikira utuchi wambiri umene sunaole, utuchiwo poola umayamba walanda nayitulojeni wa m'dothi, mbewu n'kuchita chikasu pamene iwe ukuti wathira manyowa.

Pali tina towonjezera timene anthu a manyowa amakonda. Mafupa ogaya ali ndi fosiforasi ndi kashiyamu, koma ndi ochedwa zedi, ofunika kusakaniza m'dothi pobzala osati kuwaza maluwa atayamba kale, ndipo pH ya dothi (muyezo wa kuwawasa kwake, nambala ikatsika ndiye kuti dothi ndi lowawasa) ikapitirira 7 sagwira bwino. Ufa wa magazi ouma ndi nayitulojeni wofulumira, cha m'ma 12. Awiriwa panja ali ndi vuto limene m'nyumba kulibe, fungo lake limaitana agalu ndi nyama zina, umadzuka m'mawa n'kupeza phando lafukulidwa mizu ili pamtunda. Zitosi za mileme n'zabwino koma zimasiyana, zatsopano zimakhala ndi nayitulojeni wambiri, zakalekale fosiforasi, ndipo fumbi lake si lopuma, valani chotseka pamphuno. Phulusa la nkhuni lili ndi potaziyamu ndi kashiyamu, koma limakweza pH msanga, ndiye ndi la kuwaza mopepuka pa dothi lowawasa basi, ndipo musalisakanize ndi Urea kapena zitosi zaziwisi chifukwa limathawitsa nayitulojeni.

Nanga a m'botolo aja? Ndinene mosapsatira, ambiri mwa iwo ndi mchere womwewo wa m'thumba wosungunulidwa m'madzi, kungoti anauyeza bwino n'kuwonjezera tizakudya tating'ono ngati ayironi, zinki ndi maginiziyamu. Si oipa ayi. Amagwira msanga kuposa onse, ndipo poti pamakhala botolo lokulitsa ndi lina la maluwa, kusintha kuja ndanena poyamba kumakhala kosavuta, umangosiya ili n'kutenga ilo. Kwa munthu wa mbewu zochepa za m'zidebe amene amathirira yekha tsiku ndi tsiku, ameneyu ndi wabwino, bola ayambe ndi theka la mlingo wolembedwawo chifukwa milingo ya pabotolo nthawi zambiri imakhala yokwera. Koma kukathira zimenezi m'munda nthawi ya mvula ndi kutaya ndalama m'madzi, lero wathira mawa zapita. Ndipo mabotolo aja olonjeza maluwa akuluakulu, okhala ndi fosiforasi wokwera mochititsa mantha, ine ndinasiya. Mbewu imafuna fosiforasi wocheperapo kusiyana ndi nayitulojeni ndi potaziyamu, wotsalayo amangokhala m'dothi n'kumatsekereza zinki ndi ayironi, kapena kukokolokera kumtsinje. A m'botolo achilengedwe, ngati wa nsomba ndi wa ndere za m'nyanja, ndi ofatsa, wa nsombayo amathandiza pokulitsa koma kununkha kwake eee, muzidziwiratu.

Palinso wa timibulu tokutidwa, totulutsa chakudya pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo, ngati Osmocote. Kwa munthu amene munda uli kutali ndipo sapitako kawirikawiri amaoneka ngati yankho, koma kukatentha amatulutsa msanga kuposa zolembedwa, ndipo ukatenga wa miyezi yambiri amakupatsa vuto lomwe lija la nayitulojeni wosatha nthawi ya maluwa. Ngati mwamufuna tengani wa miyezi itatu kapena inayi, athe mbewu isanafike pakati pa maluwa.

Zonsezi sizithandiza ngati pH ya dothi ili yolakwika. Chamba m'dothi chimadya bwino pakati pa 6 ndi 7. Kunja kwa pamenepo chakudya chimakhalamo koma mizu imalephera kuchitenga, ndiye munthu amaona chikasu n'kuwonjezera feteleza, chikasu chikupitirira, iye akuwonjezerabe, mpaka kupha mbewu ndi manja ake. Yezani kaye. Likakhala lowawasa kwambiri layimu amakonza, koma amafuna kuthiridwa miyezi ingapo musanabzale. Kuwerenga masamba nakonso kumathandiza, chikasu choyambira m'munsi n'kumakwera kawirikawiri ndi njala ya nayitulojeni, chikasu cha pakati pa mitsempha pa masamba akale ndi maginiziyamu ndipo kasupuni ka mchere wa Epsom, umene uli ndi maginiziyamuyo, m'madzi othirira kamakonza, pamene chikasu cha masamba atsopano a kunsonga chimaloza ku ayironi, ndipo pamenepo wolakwa nthawi zambiri ndi pH osati kusowa kwa feteleza.

Chinanso chimene sichikambidwa mokwanira n'chakuti mbewu imeneyi imayamwa zitsulo zoipa za m'dothi monga kadimiyamu ndi mtovu. Ndiye manyowa a kudzala la zinyalala kumene kumatayidwa mabatire, phulusa la matabwa opaka penti, matope a m'zimbudzi za m'tauni, zonsezo zitalikireni ngakhale zikhale zaulere. Feteleza wa fosiforasi wochokera ku miyala nayenso amatha kukhala ndi kadimiyamu pang'ono, chifukwa china chosamuchulutsira.

Ndiye ine ndimatani? Zobzala pansi, dzenje ndimalikonza milungu ingapo ndisanabzale, gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi likhale kompositi kapena ndowe zoola, timafupa togaya pang'ono pansi, pamwamba n'kuphimbira ndi udzu wouma osagunditsa patsinde kuopa chiswe ndi kuola. CAN ndimamusunga pambali ngati wothandizira chabe, pang'ono pang'ono kawiri kapena katatu nthawi yokula, motalikira tsinde ngati chikhatho n'kukwirira, dothi lili lonyowa. Ndikangoona timaluwa toyamba ndimamusiyiratu, n'kuthira SOP pang'ono kamodzi, ndipo milungu iwiri yomaliza ndi madzi okha chifukwa pamenepo chimene wathira mbewu siichigwiritsanso ntchito mokwanira. Za m'zidebe ndiye nkhani ina, dothi ndi lochepa ndipo chakudya chimatha msanga, pamenepo botolo limapambana, ndi manyowa a nyongolotsi pamwamba. Mitundu ija yochita maluwa yokha osadikira usiku kutalika imakhala masiku ochepa ndipo siichedwa kuwauka ndi feteleza, imeneyo kompositi yekha nthawi zambiri amaikwanira, CAN sindiiyandikitsa n'komwe.