Miyezi 14 ndi ka SUV kanga kuno ku Nchalo, bwanji palibe akukafuna?

Anthu ambiri akandiona pa filling station pa Nchalo amandifunsa kuti kagalimoto kanga kaja kakuyenda bwanji, ena mpaka amatsegula chitseko kusuzumira mkati, koma ukawauza kuti ndikukagulitsa onse amangoti "eee ndi kabwino ndithu" basi n'kumapita. Ndiye ndati ndilembe zomwe ndaona pa miyezi 14 imeneyi.

Dzina la kampani sinditchula, ndi ka SUV kakang'ono kaja kopangidwa ku India, injini ya 1.0 ya ma cylinder atatu, giya ya manual, mipando isanu. Ku India magalimoto osapitirira mamita 4 kutalika amalipira msonkho wochepa, nde makampani amapanga tambirimbiri totere, ena n'kumatitumiza ku South Africa. Kanga kanachokera ku Joni konko, kanalowera pa Mwanza, kali ndi ma kilomita ochepa komanso kakununkhira unyuwani. Chomwe chinandikopa ndi msinkhu wake, pansi pake pali mpata wokwana ngati 20 cm, ndinaganiza za misewu yathu yopita kumudzi ndinati aka ndi kanga.

Pa mafuta sindinganame, kamandithandiza. Nthawi yomwe tinkagona pa mzere kudikira petulo, ine ndikathira malita 15 ndimayenda sabata yonse kupita kuntchito ndi kubwera, anzanga a magalimoto akuluakulu ali kuimika. Aircon nayo imagwira, ndipo amene anakhalapo kuno mu October ndi November kutentha kukudutsa madigiri 40 akudziwa kuti imeneyi si nkhani ya matama, ana kumbuyo amachita kugona tulo.

Koma aircon yomweyo ndi imene imaulula kuchepa kwa injini. Ukangodutsa Kamuzu Bridge, kufika pa Thabwa, kuyamba kukwera phiri lija kupita ku Blantyre, kagalimoto kamasintha mawu. Tsiku lina tinali anthu akuluakulu anayi ndi matumba awiri a mpunga kumbuyo, pa makona aja ndinakakamira giya 2 aircon nditathimitsa, mawindo onse pansi, kutsogolo kuli lole ikukwawa ndipo ndinalibe mphamvu yoti ndiipitirire, ndinangoitsata pambuyo mpaka pamwamba. Alamu anga anangoti "achimwene, kakulira ngati chigayo cha dizilo". Kanafika inde, sikanatenthe, koma munthu amene akufuna kugula akamva kulira kumeneko mtima umabwerera.

Chinanso chomwe ndinadzinamiza ndekha, maonekedwe. Kamaoneka ngati ka 4x4 koma kamakoka ndi matayala akutsogolo okha. Mu February ndikupita ku maliro ku East Bank, cha ku Livunzu, ndinalowa m'matope pamalo pomwe madzi anadutsa usiku, matayala akutsogolo kumangozungulira pamodzimodzi. Anyamata asanu ndi amene anandikankha, ndinatuluka matope mpaka m'mawondo. Msinkhu umathandiza pa miyala ndi pa mabampu, koma pa dothi lathu lamakande likanyowa palibe chomwe umapindula, ndipo chichokereni Freddy mu March 2023 misewu yambiri ya kumidzi kuno sinabwerere mwakale.

Tsono nkhani yeniyeni yomwe ikundipweteka ndi ya masipeya. Mwezi wa chisanu ndi chitatu ndinagunda mbuzi pa Ngabu madzulo, nyali yakumanja inasweka ndi bampala kung'ambika pang'ono. Ndinati zazing'ono izi. Ndinazungulira mashopu a ku Limbe tsiku lonse nyali yosweka ili m'jumbo, aliyense akaiona amaitembenuza n'kufunsa kuti "ndi ya galimoto yanji iyi bwana", kenako n'kupukusa mutu. Ku Ndirande komwe amaphwasula magalimoto kunalibenso, chifukwa kuti sipeya yakale ipezeke pamafunika galimoto ngati yomweyo itafa, nde tilipo angati m'Malawi muno tili nato? Mapeto ake ndinatuma munthu wa basi ya ku Joni, ndinadikira masabata atatu ndikuyenda masana okha, ndipo ndi mmene kwacha inagwera ndi 44% mu November 2023 kuphatikiza kusowa kwa forex, mtengo wa nyali imodziyo ndinachita kukhala pansi. Mnzanga wa Sienta nyali yake inasweka mwezi womwewo, anapita m'mawa pofika madzulo ali atamanga kale.

Makaniko wanga naye ananena chilungamo, anati iye injini ya Toyota amaimasula maso ali chitsinzinire, koma iyi akuphunzirira pa galimoto yanga. Oil ndi mafyuluta timapeza, koma pakayaka nyali ya injini pa dashboard ndiye kuti ulendo wa ku Blantyre kukaika pa kompyuta.

Apa ndi pomwe ndamvetsa chifukwa chake timagalimoto toterefe tikuvuta kugulitsa. Munthu wa kuno akamagula galimoto saona chaka chokha kapena screen ya pa dashboard. Amaganiza kuti zikadzavuta galimotoyi idzandidyetsa? Sienta ili ndi mipando 7, mawa ntchito ikatha umaiika pa msewu wa Nchalo kupita Bangula kunyamula anthu. Probox imanyamula matumba a thonje, mbuzi, makatoni a pa shopu. Kanga buti yake ukaika matumba awiri ndi chikwama basi yadzaza. Ndipo ndalama yomwe ndikutchula ine, munthu atha kuitanitsa ex-Japan kudzera pa Dar es Salaam, kulipira MRA, n'kukhala ndi galimoto yomwe makaniko aliyense kuyambira Dyeratu mpaka Nsanje boma akuidziwa. Yakale ndi zaka khumi inde, koma akadzafuna kuigulitsa sachedwa.

Ndinakaika pa Facebook ndi pa status miyezi iwiri yapitayo, olemba "how much" ndi ambiri, obwera kudzakaona atatu okha. Bambo wina wogulitsa magalimoto ku Blantyre anandiuza poyera kuti akakatenga kakhala pa yadi pake mpaka udzu kumera pansi. Zinandiwawa chifukwa kagalimotoka sikanandisiyepo panjira ngakhale tsiku limodzi, injini sinatsegulidwepo, mayi a kunyumba amakakonda poti ndi kosavuta kuimika.

Sabata yatha aphunzitsi ena a ku Bangula anabwera kufuna tisinthane ndi Sienta yawo ya 2012, ine ndiwonjezere ndalama pamwamba, ine mwini wa galimoto yatsopanoyo. Ndawauza kuti ndiganize kaye mpaka mvula idutse, pakadali pano ndaitanitsiratu ma brake pad awiri ku Joni kuti akhale m'nyumba.