Penti wamafuta ndi mtsikana wa Vermeer: mmene zakhalira patapita miyezi

Bokosi la penti wamafuta lomwe ndinagula ku Blantyre mvula isanayambe lili ndi machubu khumi ndi awiri, koma amene ndafinya mpaka kuphwa ndi asanu: woyera wa titanium, yellow ochre (wachikasu), burnt umber (wabulauni woderapo), ultramarine (wabuluu) ndi wofiira. Enawo akadali odzaza. Cholinga chinali kuphunzira kujambula nkhope potengera chithunzi cha Johannes Vermeer, wojambula wa ku Netherlands, cha mtsikana wovala ndolo ya ngale, chomwe anajambula cha m'ma 1665 ndipo chimasungidwa kunyumba yoonetsera zojambula ya Mauritshuis, mumzinda wa The Hague. N'chaching'ono, masentimita 44.5 m'litali ndi 39 m'lifupi, ndipo chinsalu changa ndinadula muyeso womwewo.

Pentiyu ndi wa ophunzira, ndipo sabisika. Ultramarine wagwira bwino pa duku la mtsikanayo, ngakhale wa Vermeer anali wopera kuchokera ku mwala wodula wa lapis lazuli. Woyera ndiye wovuta. Vermeer ankapaka woyera wa mtovu, pomwe wa titanium ndi waukali: ukangochulutsa pang'ono, tsaya limaoneka ngati lawazidwa ufa. Popanda kadontho ka ochre sindimuika pakhungu.

Za kuuma, nyengo ya kuno ku Zomba ndiyo imalamula. Mu June ndi July, nkhungu ikatsika m'phiri, umber ankauma mawa lake, poti muli manganese amene amafulumizitsa, koma woyera ankamatabe chala sabata yathunthu. Mu October vuto ndi fumbi. Ndinkatembenuzira chithunzi changa kukhoma, koma mafuta a linseed, omwe ali mu pentiyu, akakhalitsa mumdima amachita chikasu. Ndikachiika pafupi ndi windo masiku angapo, chikasucho chimachepa.

Phindu lenileni ndalipeza pamphuno. Ife amene tinayamba ndi pensulo kupulayimale timafuna mzere paliponse: mzere wa mphuno, mzere wa milomo. Kulitsani chithunzi cha Vermeer pafoni muone. Mbali yowala ya mphuno ilibe mzere, imangolowerera m'tsaya, diso lanu ndilo limamaliza lokha. Ngale ija nayo ndi kuwala kochindikala pamwamba ndi kena kofatsa m'munsi kochokera ku kolala yoyera, basi. Ngakhale kokolowekera kukhutu kulibe. Dzanja langa linkafuna kuwonjezera, ndipo ntchito yaikulu inali kuliletsa. Izi wokuuza pakamwa sungamumve, mpaka burashi ili m'manja.

Pa chithunzi changa, mbali yakuda ya kumbuyo yachita zigamba zosawala, chifukwa mafuta amira m'munsi. Vanishi, wopaka pamwamba kuti chithunzi chiwale, adzakonza, koma amafuna penti ataumitsitsa, miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa. Maburashi a m'bokosilo anathothoka msanga. Amene ndinagula padera akadali bwino, ndimangowatsuka ndi sopo wa mtanda.

Pano ndikujambula azakhali anga a ku Chinamwali, omwe amakhala pampando akufunsa kuti, "Kodi mwana iwe, sunathebe?" Pakhungu lawo lakuda woyera salowa kwenikweni; kuwala kwa pachipumi kumafuna ultramarine, ndipo m'masaya muli kufiirira kosiyana ndi kwa mtsikana wachi Dutch uja. Kusakaniza mitundu ndayambiranso, koma zofewetsa malire zagwira ntchito momwemo. Bokosi lina sindigula. Ndifuna machubu aakulu a mitundu isanu ija ndi burnt sienna (wabulauni wofiirira).