Kuzungulira Sardinia: motorhome yaikulu, vani ya mamita 6, kapena kavani kakang'ono?

Anthu ofuna kukazungulira chilumba cha Sardinia, ku Italy, pa galimoto yogonamo amakonda kufunsa kuti abwereke iti, koma mtima wawo umakhala utapita kale pa motorhome yaikulu ija ya bedi lotambalala, shawa ndi firiji yaitali. Yankho langa ndi ili: ngati muli awiri, kapena awiri ndi mwana mmodzi, tengani vani ya mamita 6, ndipo mukaitengere pachilumba pomwepo. Motorhome yaikulu isiyireni banja la anthu anayi kapena asanu lomwe silingachitire mwina. Nkhani yake yagona pa chikole, osati pa mafuta kapena pa mtengo wa tsiku limodzi.

Magalimoto ake ndi atatu. Kavani kakang'ono, monga VW California, n'kotalika pafupifupi mamita 4.9, m'mwamba sikafika mamita 2, denga lake limatukuka usiku, koma chimbudzi mulibe. Vani yapakati, yomwe kawirikawiri imakhala Fiat Ducato, ndi ya mamita 5.99 m'litali, 2.05 m'lifupi ndi cha m'ma 2.6 m'mwamba, ndipo ili ndi kachimbudzi ndi kashawa. Motorhome ndi bokosi lomangidwa kumbuyo kwa mutu wa vani: mamita 7 kapena kuposerapo, 2.3 m'lifupi, ndipo ija ya bedi pamwamba pa dalaivala imapitirira mamita 3 m'mwamba. Onse atatu amayendetsedwa ndi laisensi wamba ya kalasi B, bola asapitirire makilogalamu 3,500.

Tsiku lotenga galimoto, kampani imatsekera ndalama ya chikole pa kirediti kadi ya dalaivala. Nthawi zambiri imaposa mayuro 1,000, kwina imayandikira 2,000, ndipo makampani ambiri amakana debiti kadi kapena kadi ya munthu wina. Izi anthu amazidziwa. Chimene sachiwerenga ndi chakuti m'mapepala ambiri ndalama imene mumadzilipirira nokha pa ngozi imawerengedwa pa ngozi iliyonse payokha. Mukakanda mbali Lachiwiri n'kudzathyola galasi loonera kumbuyo Lachisanu, ndi milandu iwiri, malipiro awiri. Choipirapo n'chakuti inshuwalansi yobwera ndi galimotoyo kawirikawiri imasiya kunja denga, kunsi kwa galimoto, matayala, mawindo, zamkati ndi chinsalu cha mthunzi chija chapambali. Ikawonongekera pa msewu wafumbi, makampani ambiri amasamba m'manja n'kukusiyirani bilu yonse. Zimenezi zimalembedwa ndi tizilembo ting'onoting'ono kumapeto kwa pepala, pomwe kutsogolo alemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti inshuwalansi ilimo kale m'mtengo. Ndi khalidwe loipa, ndipo ndi limene limandichititsa kuikira kumbuyo vani.

Taonani kumene magalimotowa amavulalira ku Sardinia. Midzi ngati Baunei, Orgosolo, Bosa ndi Castelsardo inamangidwa kalekale m'mbali mwa mapiri, timisewu take n'topanikiza, ndipo makonde a m'mwamba ndi nyali za pakhoma zimatulukira mumsewu pa msinkhu umene denga la motorhome limadutsa. Mapu a pafoni amayesa kuti muli pa galimoto yaing'ono, ndiye amakulowetsani njira yachidule yomwe kutsogolo kwake kulibe potembenukira. Kumisasa nthambi za mitengo ya paini zimalendewera m'munsi, ndipo m'tinjira topita kugombe zitsamba zolimba zimakanda mbali zonse ziwiri. Kuwonongeka kotereku kumagwera ndendende pa ziwalo zimene inshuwalansi inazikana.

Masentimita 25 amene motorhome imaposa vani m'lifupi amaoneka ochepa papepala, koma bokosi lake limatulukira kunja kwa mutu, motero pomwe mutu wadutsa bwinobwino, bokosi likhoza kugunda. Kumbuyo kwa matayala otsiriza kumatsala thupi lalitali, mwina mamita awiri, lomwe limaponyedwa kumanja mukamakhotera kumanzere. Ndilo limasesa mizati ndi magalimoto oimikidwa, ndiponso limakwecha pansi pokwera sitima kapena poyamba chitunda chadzidzidzi. Khoma la bokosilo ndi kachitsulo kopyapyala ka aluminiyamu kapena pulasitiki yolimba yomatidwa pa thovu loteteza kutentha. Likabooka silimenyedwa n'kuwongoka. Amadula n'kumata, kapena kusintha chigawo chonse, ndipo ntchitoyo ndi yodula. Vani ndi chitsulo chokhachokha chochokera kufakitale, chomwe mmisiri aliyense wowongola magalimoto amachidziwa. Ikakandika mumalipirabe, koma mwayi wokandika ndi wochepa kwambiri.

Kaya mwatenga iti, musachoke pabwalo la kampani musanajambule vidiyo yozungulira galimoto yonse, magalasi, matayala ndi kunsi kwa bampala. Pemphani makwerero mujambule denga. Chilema chilichonse chilembedwe papepala ndipo asainire. Funsani kuti akulozereni pamene palembedwa za denga, za msewu wafumbi, ndi ngati ndalama yodzilipirira ndi ya ngozi iliyonse. Inshuwalansi yowonjezera imene kampani imakugulitsani imatsitsa ndalamayo, koma si nthawi zonse pamene imalowetsamo denga, choncho werengani musanalipire. Lembani kutalika kwa galimoto papepala n'kumata pamene dalaivala amaona. Pobwerera chambuyo, mnzanu atsike akaime pamene mukumuona pagalasi, maso ake ali m'mwamba, chifukwa kamera yakumbuyo imaona pansi pokha.

Pa msewu waukulu wa SS131, wochokera ku Cagliari kudzera ku Oristano ndi Sassari mpaka ku Porto Torres, palibe kusiyana kwenikweni, ndipo pachilumba chonse palibe msewu wolipiritsa. Kusiyana kumayambira pa SS125, kum'mawa, pakati pa Dorgali ndi Baunei, pomwe msewu umakwera mpaka pampata wa Genna Silana, mamita 1,017 kuchokera pamadzi a nyanja. Amene anatsikapo Khwekhwelere kupita ku Golomoti adziwa mtundu wa makona ake. Motorhome imadutsa ndithu, mabasi amadutsanso, koma dalaivala saona phiri kapena chigwa, amangoyang'ana mzere wapakati ndi njinga zamoto zotulukira pakona. Potsetsereka, makamaka mukatuluka mumphanga imene msewu umadutsamo pamwamba pa Cala Gonone, gwiritsani giya yachiwiri kapena yachitatu, mabuleki muziponda mwamphamvu kwa kanthawi n'kusiya. Kuwagwiririra mtsetse wonse ndi katundu wa matani atatu ndi theka kumawatenthetsa mpaka amayamba kufooka. Kamsewu kochoka ku Baunei kukwera ku Golgo, komwe kumayambira njira yapansi yopita ku Cala Goloritzé, n'kotsetsereka ndi makona othina. Vani imakwera mosamala, motorhome ya mamita 7 ndi bwino itsale m'munsi. Njira ya ku milu yamchenga ya Piscinas, kudzera ku Ingurtosu, ili ndi chigawo chafumbi, ndiye kumbukirani pepala lija. Kuchokera ku Alghero kupita ku Bosa msewu umatsata phompho la m'mbali mwa nyanja, ndipo ikawomba mphepo ya maestrale yochokera kumpoto chakumadzulo, galimoto yaitali m'mwamba imakankhidwa zomveka m'chiwongolero.

Dizilo: vani imamwa cha m'ma malita 9 kapena 10 pa makilomita 100, motorhome awiri kapena atatu pamwamba pake. Pa chilumba chotere si ndalama yosinthira maganizo. Pampu ya dizilo yalembedwa gasolio, ndipo ya self, yodzithirira nokha, ndi yotsika mtengo kuposa ya servito, yomwe amakuthirirani.

Masana kavani kakang'ono ndiko kamapambana. Kamalowa pansi pa zitsulo zotchinga magalimoto aatali zimene zimaikidwa pa malo ena oimikapo magalimoto kugombe, kamakwana m'mizere ya galimoto wamba, ndipo m'tauni simuvutika nako. Kukada kamagonja. Lamulo la pamsewu la Italy, gawo 185, limati galimoto yogonamo yangoima, osati kumanga msasa, ngati yakhala pa matayala ake okha, sikutulutsa madzi alionse, ndipo palibe chotulukira kunja kwa thupi lake. Mpando panja, chinsalu chotambasula, windo lotsegukira kunja kapena timatabwa tokwezera matayala zimasandutsa kuimako kukhala msasa, ndipo Sardinia ili ndi lamulo lake la 2017 loletsa kumanga msasa kunja kwa malo ovomerezeka. Denga lotukula la kavani limaonekera patali kuti muno mwagona anthu. Popeza mulibenso chimbudzi, usiku uliwonse mumafunika msasa weniweni wolipira, pamene a vani ya mamita 6 angagone pa area sosta camper, malo otsika mtengo okhala ndi mpopi ndi pokhuthulira, kapena pa famu ya agriturismo yolandira magalimoto otere. Ndalama imene munapulumutsa pobwereka kavani imathera pamenepo.

Chimbudzi cha vani ndi cha motorhome n'chimodzimodzi: kathanki kosolola ka malita 17 mpaka 19. Anthu awiri amakadzaza m'masiku awiri kapena atatu, banja la anayi mawa lake lomwe. Thanki ya madzi abwino imakhala cha m'ma malita 100. Choncho kukula kwa motorhome sikukupatsani masiku ochuluka kutali ndi mpopi, chifukwa anthu achuluka. Khuthulani pa camper service pokha, malo okonzedwera kukhuthulirapo madzi akuda a magalimoto otere. Kutaya madzi akuda m'ngalande kapena patchire ndi mlandu. Samalaninso kulemera. Motorhome yaikulu imalemera kale cha m'ma matani atatu isanakwere munthu, ndiye akuluakulu anayi, madzi odzaza thanki, masutikesi ndi njinga zimaufikitsa msanga malire a 3,500.

Pomwe motorhome imaposa ena mosakayikitsa ndi pa malo okhala ndi pa kutentha: makoma ake amatchinga dzuwa bwino kuposa chitsulo cha vani, ndipo ana amagona popanda kupasula tebulo. Choziziritsa mpweya cha kutsogolo chimagwira injini ikamalira basi, pa magalimoto onse atatu. Magetsi a kumisasa yambiri ndi a ma amp 6, kwina ochepera apo, kutanthauza mawati osafika 1,400. Ketulo ya kunyumba ya mawati 2,000 imazimitsa switchi nthawi yomweyo, choncho madzi wiritsani pa gasi.

M'matauni, chikwangwani cha ZTL, bwalo lofiira mkati moyera, chimatanthauza kuti magalimoto opanda chilolezo salowa m'chigawocho, ndipo pali makamera. Zilipo ku Cagliari ndi ku Alghero, m'zigawo zakale. Chindapusa chimakupezani patapita miyezi, ndipo kampani yobwereketsa imawonjezapo yakeyake ya ntchito yopereka dzina lanu kupolisi. Pa mizere ya buluu mumalipira, ndipo gawo 185 lomwe lija limalola kuti galimoto yogonamo ilipitsidwe theka lina pamwamba pa mtengo wa galimoto wamba.

Tsono kubwereka pachilumba kapena kuwolotsa pa sitima? Ndege zimatera ku Cagliari, Olbia ndi Alghero. Sitima za Moby, Tirrenia, Grimaldi Lines, GNV ndi Corsica Ferries zimachokera ku Genova, Livorno ndi Civitavecchia, zina ku Toulon ndi Barcelona. Mtengo wa sitima umatsata utali ndi msinkhu wa galimoto, ndipo chonyamulira njinga chakumbuyo chimawerengedwa. Mukalembetsa mamita ochepa, kudoko amayeza n'kukulipitsani zotsalazo. Gasi amatsekedwa musanakwere, ndipo kuchokera ku Genova ndi usiku wonse, choncho firiji isakhale ndi nyama. Amene muli ku Britain ndi galimoto yanuyanu, kuchokera ku Calais kufika ku Genova ndi makilomita oposa 1,000, ndipo misewu yolipira ya ku France imaika galimoto yopitirira mamita 2 m'kalasi 2, yopitirira mamita 3 m'kalasi 3. Mabotolo a gasi a Calor sasinthidwa ku Italy, ndipo chitseko cha motorhome yomangidwa ku Britain nthawi zambiri chimatsegukira mbali ya magalimoto odutsa. Ulendo wotere ndi wa munthu amene ali ndi mwezi wathunthu. Wa sabata imodzi kapena ziwiri akwere ndege.

Pasipoti ya Malawi imafuna viza ya Schengen, ndipo chilolezo chokhalira ku Britain sichilowa m'malo mwake. Laisensi ya Malawi iyende ndi International Driving Permit. Yakhadi ya ku Britain imakwana yokha. Ku Italy magalimoto amayenda kumanja kwa msewu, giya ili kudzanja lamanja, ndipo kwa munthu wozolowera kumanzere tsiku loyamba diso limanamiza za mbali ya kumanja ya galimoto, chomwe ndi chifukwa china chotengera yopapatiza.

Miyezi yabwino ndi Meyi, Juni ndi Seputembala. Mu Ogasiti, makamaka cha pa 15, dziko lonse la Italy lili patchuthi, mitengo imakwera ndipo misasa imadzaza, pamene kuyambira Okutobala misasa yambiri imatseka. Magombe ena, monga La Pelosa ku Stintino ndi Cala Goloritzé, amalandira anthu owerengeka ndipo m'nyengo yotentha mumasungitsiratu malo. Mchenga, timiyala ndi zigoba za kunyanja musatenge: chindapusa chake ndi mayuro 500 mpaka 3,000, ndipo kumadoko amasecha magalimoto.

Ngati banja ndi lalikulu ndipo motorhome siyopeweka, funani yosapitirira mamita 7, yokhala ndi bedi lotsika kuchokera kudenga m'malo mwa ija ya chipumi pamwamba pa dalaivala. Sankhani misasa itatu kapena inayi, mwachitsanzo kufupi ndi Alghero, ku Cala Gonone ndi kumwera cha ku Villasimius, muzikhala masiku angapo pamalo amodzi. Ku midzi ya m'mapiri muziimika galimoto kunja n'kulowa wapansi, ndipo magombe a Golfo di Orosei mukawaonere pa boti lochokera ku Cala Gonone kapena ku Santa Maria Navarrese.